Mawu oyamba amene ndinaphunzira pakhonde la hotela

Chino ndi chaka chachitatu ndikukonza zipinda m'hotela ina ku Mallorca, chilumba cha dziko la Spain. Mawu a Chisipanishi amene ndinawagwira msanga ndi "no llego", kutanthauza kuti sindikwanitsa, nthawi yandithera. Aliyense amawanena pakhonde, uku akukankha kangolo ka zofunda.

Pali mayi ena amene ndimagwira nawo ntchito, atha zaka zoposa 20 akuyala mabedi. M'thumba la apuloni yawo simusowa mapiritsi a msana. Tsiku lina tikukoka shiti imodzi, iwo uko ine kuno, anati: "Mwana wanga, kale ntchitoyi inkawawa ndithu, koma tulo tinkagona." Chinawalanda tulo ndi mavuto a zachuma amene anayamba mu 2008. Pofika 2013, mwa anthu 100 alionse oyenera kukhala pantchito, oposa 26 anali pa ulova. Mu 2012 boma la Mariano Rajoy, amene anali nduna yaikulu ya Spain, linasintha malamulo a zantchito, moti wochotsedwa popanda chifukwa chomveka ankangolandira malipiro a masiku 33 pa chaka chilichonse chimene wagwira, m'malo mwa 45. Mahotela ambiri anapereka ntchito yathuyi ku makampani apadera olipira zochepa. Zipinda zinachuluka, manja anachepa. Ukadandaula bwanji, panja pali mzere wa anthu ofuna malo ako?

Katswiri wina wofufuza za ntchito, Robert Karasek, analemba mu 1979 kuti chimene chimadwalitsa wantchito si kuchuluka kwa ntchito kokha, koma ikachuluka iye alibe chonena pa kagwiridwe kake. Izi ndimaziona m'mawa uliwonse. Pepala la zipinda limabwera litalembedwa kale, ndipo amene walemba sanaone chipinda chimene mwagona banja la ana atatu, mchenga wa kunyanja uli mpaka m'bafa.

Zina zasintha, sindinganame. Amayi okonza zipinda anakhazikitsa gulu lawo la Las Kellys mu 2016, anthu n'kuyamba kutiona. Kuyambira 2019 bwana aliyense amayenera kulemba maola a antchito ake tsiku ndi tsiku. Lamulo la 2021 la nduna ya zantchito Yolanda Díaz linachepetsa makontrakiti a miyezi yochepa. Ine nyengo ya alendo ikatha ndimapita kunyumba ndikudziwa kuti adzandiitananso. Kuno kuzilumba lamulo la 2022 linalamulanso mahotela kuika mabedi okwera ndi kutsika, ndipo msana wanga ukuyamikira.

Koma mantha ochotsedwa atachepa, liwiro latsala pomwepo. Maola akulembedwa, zipinda n'zomwezo, ndiye kuti tiweruke pa nthawi yake timadya choimirira m'kachipinda ka matawulo. Mu Sepitembala 2025 nyumba ya malamulo itakana kutsitsa maola a pa mlungu kuchoka pa 40 kufika pa 37.5, ndinawauza mayi aja tikupinda matawulo. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangofunsa kuti, "Nanga zipinda zikanatsika zingati?"