Mtsikana amene anamuiwala panja pa mzere

Mawu andithera ndi kukuwa! Atsikana athu a ku Mbare, ku Harare, apambana masewero a basketball ndi pointi imodzi, ndipo basiketi yomaliza yachokera pa kaseweredwe komwe akochi akhala akuwabwerezetsa madzulo aliwonse mpaka ana kudandaula.

Kutatsala masekondi 6, mpira wathu kunja kwa mzere, pansi pa basiketi ya adani. Mmodzi ali panja kuti auponye, anayi enawo anaima ngati bokosi. Wamtali wathu anatchingira mnzake njira, mnzakeyo n'kuthawira pakona, otchinga onse maso ali kwa iye. Atangoulandira, amene anaponya mpira uja, yemwe panalibe womuyang'ana, anangolowa mwakachetechete, n'kuulandiranso, n'kuuika mu basiketi. Amayi ena pafupi nane anataya mtedza wonse pansi.

Akochi anzathu, lamulo la FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, limapatsa woponya mpira kuchokera kunja kwa mzere masekondi 5 okha. Ndiye bwanji pa timeout, kanthawi kopumira kamene kochi amapempha, mumajambula mizere yambirimbiri pa kabolodi? Mwana amene mtima ukugunda sangaisunge m'mutu. Mupatseni njira ziwiri, yoyamba ndi yothawirapo, ndipo woponyayo azikhala wamaso akuthwa, osati aliyense amene wapezeka pafupi ndi mpira.