Marozi a ku Mangochi Amafuna Kalendala Yawoyawo

Chaka chimene tinalowa m'nyumba ino, yomwe ili kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndinabwera ndi mbande 6 za marozi kuchokera ku Zomba, ndipo ndinazibzala mondondozana m'mbali mwa khoma lakumadzulo kuti aliyense wodutsa pamsewu aziziona. Unali mwezi wa Seputembala. Pofika kumapeto kwa Okutobala, zinayi zinali zitauma mpaka kutsinde, ndipo ziwiri zotsalazo zinali ndi masamba opserera m'mphepete ngati awauka ndi moto. Wogulitsa mbande uja sanandinamize, pakuti marozi ake anali athanzi. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinaiwala kuti tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, pamene ife kuno, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, sitifika ngakhale mamita 500, ndipo khoma la njerwa loyang'ana kumadzulo limasunga kutentha kwa masana n'kumakulavulira pa zomera mpaka usiku.

Mayi wina wachikulire amene tinayandikana naye nyumba, yemwe khonde lake silisowa maluwa chaka chonse, anaima pampanda tsiku lina n'kundiuza kuti, "Mwanawe, duwa limeneli limakonda dzuwa lam'mawa, koma lamadzulo ndi mdani wake. Lisamutsireni kummawa kwa nyumba." Ndinayankha kuti, "Amayi, mabuku akuti rozi imafuna dzuwa lambiri." Iwo anangoseka. Mabukuwo sanama, chifukwa rozi imafunadi dzuwa la maola pafupifupi 6 patsiku, koma kuno maola amenewo amakwana kuyambira mbandakucha mpaka masana, ndipo chilichonse chowonjezera pamenepo m'chilimwe n'chilango chabe. Ziwiri zija ndinazisamutsa mvula yoyamba itagwa, ndipo zilipo mpaka lero.

Dothi lathu ndi nkhani ina. Pabwalo panga ndi mchenga wokhawokha, umene umameza ndowa yathunthu ya madzi m'kanthawi kochepa n'kukhala ngati sunathiriridwe. Choncho dzenje la rozi ndimalikumba masentimita 60 kuya kwake ndi 60 m'mimba mwake, kenaka ndimasakaniza dothi lapamwamba ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino, mulingo wofanana, n'kuwonjezerapo dothi la pachulu pang'ono kuti ligwire chinyezi. Manyowa osawolerana amatentha mizu ndipo amaitana chiswe, choncho ndi bwino kuwadikira miyezi ingapo kusiyana ndi kuthamangira. Chimene chandithandiza kwambiri ndi namasupuni, udzu woyandama uja umene asodzi amadana nawo mu Shire chifukwa chokola maukonde. Ndimapempha msodzi kuti andivuulire, popeza ine sindingayerekeze kulowa m'madzi a ng'ona, ndipo ndimauyanika mpaka uume gwa ndisanauike pamulu wa kompositi, kuopa kuti ungakafalikire m'madzi ena. Ukawolerana umasanduka manyowa akuda ofewa amene amasunga madzi mumchenga kwa masiku angapo.

Pa feteleza, ambiri ankathira 23:21:0 wotsala kumunda wa chimanga, osazindikira kuti nambala yachitatuyo, yomwe ndi ziro, ikutanthauza kuti mulibe potaziyamu, mchere umene umalimbitsa nthambi ndi kuthandiza maluwa. Feteleza wa D Compound, amene alimi a fodya amamudziwa bwino, ali nawo mcherewu, ndipo kadzanja kamodzi pa tsinde lililonse, kothiridwa patali pang'ono ndi tsindelo, n'kokwanira. Phulusa lakukhitchini nalonso lili ndi potaziyamu, koma ndimalithira mosamala kwambiri, chifukwa rozi imakonda dothi la asidi pang'ono, la pH (mulingo wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 6.5, ndipo phulusa lambiri limakweza nambala imeneyi mpaka masamba atsopano amayamba kuchita chikasu.

Koma chimene ndinachedwa nacho kwambiri kumvetsa ndi nthawi yodulira. Malangizo ambiri olembedwera mayiko a kummwera kwa Africa amati marozi azidulidwa kwambiri mu Julayi. Rozi ikadulidwa imatenga masabata 6 mpaka 8 kuti imasule, ndiye kuti wodulira kumapeto kwa Julayi amalandira maluwa ake chapakati pa Seputembala, ndipo achiwiri amakumana ndi Okutobala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 35. Duwa lomasula m'nyengo yotere limakhala laling'ono, lamtundu wofwifwa, ndipo limayoyoka tsiku lachiwiri. Ndinachita zimenezi zaka ziwiri, ndikudandaula kuti mwina mbeu yanga ndi yachabechabe. Chaka chachitatu ndinadulira mu Epulo, mvula itangosiya, ndipo maluwa anabwera mu Juni, nthawi ya mwera, pamene usiku kumazizira ndipo masana dzuwa silipsereza. Anali aakulu kuposa onse amene ndinawaonapo pabwalo pano, ndipo lililonse linkakhala pamtengo pafupifupi sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo, nyengo yanga ya marozi ndi Juni mpaka Ogasiti. Ndikamathyola maluwa ofota msanga, podula pamwamba pa tsamba lamphamvu loyang'ana kunja, ndimapeza gulu lachiwiri kutentha kusanafike.

Mu Okutobala ndi Novembala sindiyembekezera kalikonse kwa marozi, koma kuti akhale ndi moyo basi. Sindidula nthambi, chifukwa masamba ndiwo amaphimba tsinde kuti lisapse, sindithira feteleza, ndipo ndimaphimbira pansi ndi udzu kapena mankhusu a mpunga, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde kuti chiswe chisapeze njira. Ndimathirira ndowa ya malita 20 pa tsinde lililonse katatu pasabata, m'mawa kwambiri. Kuthirira madzi ochepa tsiku ndi tsiku kumakokera mizu pamwamba pomwe pali moto, komanso ngati madzi a mjigo wanu ali ndi kamchere, monga zimakhalira m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, mcherewo umaunjikana pamwamba ngati ufa woyera, pamene madzi ambiri a nthawi imodzi amautsitsira pansi. Iyi ndi nyengonso ya akangaude ofiira ang'onoang'ono amene amabisala kunsi kwa masamba, ndipo kuwaza madzi mwamphamvu kunsiko kumawachepetsa. M'dzinja vuto limasintha n'kukhala madontho akuda pamasamba, matenda amene amafalikira masamba akakhala onyowa nthawi yaitali, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kutola masamba onse ogwa n'kuwatentha. Nsabwe za pansonga ndimazipopera ndi madzi onyikamo masamba osinja a nimu, mtengo umene sitiusowa kuno.

Mwa mitundu imene ndayesa, wopirira kwambiri ndi Iceberg, rozi yoyera yomasula m'magulumagulu imene inatulutsidwa ndi kampani ya Kordes ku Germany mu 1958. Ilibe fungo lamphamvu, ndipo ena amaiona ngati yosatchena, koma ikapsa imaphukiranso popanda kunyengerera. Mitundu yofiira kwambiri, yomwe anthu amaikonda pa zikwati, ndiyo imayamba kuda m'mphepete dzuwa likakula.

Ngakhale zili choncho, marozi anga ndi asanu okha, ndipo sindikufuna kuwonjezera. Bwalo lonse laimira pa maluwa osatha amene kutentha sikuwaopsa. Bougainvillea, yochokera ku South America, yakuta mpanda wakumadzulo pomwe marozi anafera, ndipo imamasula kwambiri ikamanidwa madzi, moti woithirira mowirikiza amakolola masamba okhaokha. Frangipani imamera kuchokera ku nthambi yodula, bola muisiye masiku angapo kuti bala lake liume musanaizike. Adenium, imene ena amaitcha rozi ya m'chipululu ngakhale si rozi konse, imasunga madzi m'tsinde lake lonenepa ndipo imafa ndi madzi ochuluka osati ndi ludzu. Utomoni wake ndi poizoni, monganso wa duwa lina lotchedwa oleander, choncho pakhomo pa ana aang'ono ziyenera kubzalidwa patali. Kaduwa kapinki kapena koyera ka periwinkle, komwe kamamera kokha m'ming'alu ya simenti ndipo ambiri amakazula ngati udzu, kwawo ndi ku Madagascar, ndipo m'menemo ndi momwe asayansi anapezamo mankhwala a khansa otchedwa vincristine ndi vinblastine. Canna yokha ndiyo ndinaipatsa malo a kumapeto kwa ngalande ya posambira, chifukwa imakonda chinyontho.

Mbuzi za m'dera lino sizisamala za minga, ndipo imodzi ikalowa imatha kumaliza mphukira za Meyi m'mphindi zochepa, n'kuchedwetsa maluwa ndi mwezi wathunthu. Chaka chatha zinandichita zimenezi pa Iceberg yaikulu kwambiri, chifukwa wina anasiya chitseko cha mpanda chosatseka, moti chaka chino ndisananole mpeni wodulira ndayamba ndamangira marozi onse asanu kampanda kawo ka bango.