Zimene ndaphunzira polemba pempho la ndalama za kafukufuku ku ERC

Ambiri a ife amene tinayambira ntchito ya kafukufuku ku Malawi tinaphunzira kulemba pulopozo mwa njira imodzi. Umatenga vuto lodziwika kale, kaya malungo kaya chifuwa chachikulu, n'kufotokoza kukula kwake, kenako n'kulonjeza zimene udzachite: maboma angati, mabanja angati, lipoti lidzatuluka mwezi uti. Wopereka ndalama amafuna adziwiretu chimene adzalandire ntchito ikatha. Luso limeneli ndi lofunika ndipo lapulumutsa miyoyo ya anthu. Koma miyezi yapitayi ndakhala ndikuphunzira kulemba pempho la mtundu wina, lopita ku European Research Council, bungwe limene ambiri amangoliti ERC, ndipo ndaona kuti kumeneko amafunsa funso lina kotheratu.

ERC inakhazikitsidwa mu 2007 ndi mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Ntchito yake ndi kupereka ndalama kwa wasayansi mmodzi ndi gulu lake kuti akafufuze kumalire a zimene anthu akudziwa. Samakuuza mutu. Ukhoza kukhala wa masamu, wa mbiri yakale, wa nyenyezi kapena wa udzudzu ngati ine, muyeso ndi umodzi wokha: kodi sayansi yake ndi yapamwamba? Thandizo la oyamba kumene, Starting Grant, limafika mayuro 1.5 miliyoni pa zaka zisanu. La amene akhazikika pang'ono, Consolidator, limafika 2 miliyoni, ndipo la akuluakulu, Advanced, limafika 2.5 miliyoni. Nzika ya dziko lililonse ikhoza kupempha, Mmalawi ndi Mzambia yemwe, bola akhale ndi yunivesite kapena malo a kafukufuku omulandira m'dziko la mgwirizanowo kapena m'dziko logwirizana nawo, monga Britain imene inabwereramo mu 2024. Ndiponso theka la nthawi yake ya ntchito azikhala kumeneko. Mpikisano ndi woopsa: mu 2024 anthu 3,474 anapempha Starting Grant, ndipo amene analandira ndi 494.

Izo ndi zimene aliyense angawerenge pa intaneti. Zimene zanditengera nthawi ndi kumvetsa funso limene oweruza amakhala nalo m'mutu akamawerenga.

Ntchito yanga ndi ya udzudzu wofalitsa malungo. Nditapatsidwa pepala kuti ndilembe pempho monga ndinazolowera, ndinganene kuti ndikufuna kuyeza mmene udzudzu wa Anopheles funestus wasiyira kufa ndi mankhwala a m'maneti, m'maboma amene sanayezedwepo. Vutolo ndi lenileni. Ku Chikwawa ndi madera ena a kum'mwera kwa Africa zadziwika kuti udzudzu umenewu ukupirira mankhwala a m'manetiwo, otchedwa pyrethroid, ndipo asayansi anapeza kale majini ena amene akuchititsa, monga CYP6P9a. Unduna wa zaumoyo ukufunika ziwerengero zoterozo posankha maneti oti ugule. Koma yankho lake tikulidziwa kale mbali yaikulu. Tikapita kukayeza tikapeza kuti kupirirako kulipo, kungosiyana kuchuluka. Zili ngati mlimi amene akubzala mbewu yomwe anabzala chaka chatha m'munda womwewo: asanakolole akudziwa kale kuti matumba akhala angati. Oweruza a ku ERC pempho lotere amaliona ngati kungowonjezera pang'ono pa zomwe zilipo, ndipo silipita patali.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi kafukufuku wa ku Mali, amene anatuluka mu magazini ya Nature mu 2019. Ndalama zake sizinachokere ku ERC, koma funso lake ndi la mtundu umene iwo amafuna. Ku Sahel, dera louma la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara limene limadutsa ku Mali, madzi amauma kwa miyezi yambiri, udzudzu n'kusowa, koma mvula ikangoyamba umabwerera. Umachokera kuti? Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti udzudzu suuluka mtunda wautali. Gulu la wasayansi Tovi Lehmann ndi anzake a ku Mali linamangirira maneti omata ku zibaluni, n'kuzikweza usiku mamita 40 mpaka 290 m'mwamba. Anagwira udzudzu wa malungo ukuyenda ndi mphepo, wambiri waukazi, ndipo wambiri mwa iwo unali utayamwa kale magazi. Taganizani munthu akulemba pempho limenelo asanayambe. Sakanatha kulonjeza kuti agwira kanthu. Akanatha kukweza zibaluni zaka zingapo n'kutsitsa maneti opanda udzudzu ndi umodzi womwe. Koma zitatheka, zinasintha mmene timaganizira za kuthetsa malungo m'dera limodzi pamene dera loyandikana nalo likadali ndi udzudzu.

Apa ndi pamene ndakhala nthawi yaitali. Kuti ufunse funso lotere uyenera kudziwa bwino pamene chidziwitso cha anthu a m'gawo lako chikuthera, ndipo zimenezi sizipezeka powerenga mawu omaliza a mapepala, pamene aliyense amalemba kuti pakufunika kafukufuku wina. Zimapezeka pofunsa kuti: kodi ndi chiyani chimene tonse timachinena ngati choona, chikhalirecho palibe anachiyesa bwinobwino? Ndinayamba kuwerenga mapepala akale, kutsata chiganizo chimodzi kuchokera ku pepala ili kupita ku limene linatchulidwa, mpaka kufika ku gwero. Nthawi zina gwerolo limakhala kafukufuku wamng'ono wa m'mudzi umodzi, wa zaka makumi angapo zapitazo, amene anthu akhala akungomubwereza. Kuwerenga kotereku n'kochedwa, ndipo sikukupatsa pepala lofalitsa msanga. Koma ndiko kwandiphunzitsa zambiri za gawo langa kuposa kosi iliyonse imene ndinachitapo.

Chachiwiri ndi nkhani ya kulephera. Mu pulopozo ya masiku onse timabisa kuti ntchito ikhoza kulephera, kapena timalemba zoopsa zakunja: misewu kuduka m'dzinja, mafuta kusowa, ndalama kuchedwa. Ku ERC chiganizo chako chimayenera kukhala cholimba mtima ndithu, choti chikhoza kupezeka kuti n'cholakwika. Komabe ndaphunzira kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana. Pali kukayikitsa kwa chiganizo, ndiye kuti sitikudziwa ngati chilengedwe chilidi mmene ndikuganizira. Pali kukayikitsa kwa munthu ndi njira zake, ndiye kuti sitikudziwa ngati iyeyu angathe ngakhale kuyesa kumene. Choyambacho oweruza amachikonda. Chachiwiricho chimapha pempho. Choncho pa gawo lililonse la ntchito ndimayenera kuonetsa kuti kuyesa kwanga kudzatulutsa yankho lomveka, kaya inde kaya ayi, ndiponso kuti yankho likadzakhala ayi tidzakhala tadziwa chinthu chimene lero sitikuchidziwa. Apa ndi pamene zotsatira zoyambirira, za kuyesa kumene wachita kale usanapemphe, zimagwira ntchito. Zikachepa, sakhulupirira kuti ungathe. Zikachuluka kwambiri, amati ntchito yatha kale, ndalama ukufuna za chiyani? Malire ake palibe anawalemba, umachita kuwamva powerenga mapempho a anthu amene anapambana, ndipo ena a iwo amalola kuwaonetsa ukawapempha mwaulemu.

Kalembedwe kake kali ndi msampha wake. Pa gawo loyamba la kuweruza, chimene chimanyamula pempho lako ndi chidule cha masamba asanu pamodzi ndi mbiri yako ya ntchito. Amene amawerenga ndi gulu la asayansi akuluakulu, koma ambiri a iwo si a gawo lako lenileni. M'gulu limodzi mukhoza kukhala wa zomera, wa nsomba, wa tizilombo ta m'nthaka. Aliyense ali ndi mulu wa mapempho oti awerenge. Ukayamba ndi mayina a majini ndi zidule za m'labotale, wamutaya pa tsamba loyamba. Ukafewetsa kwambiri, katswiri mmodzi amene ali pakati pawo adzaona kuti mulibe zakuya. Ine chandithandiza ndi kupereka masamba asanuwo kwa mnzanga wa sayansi ya miyala ndi nthaka, n'kumupempha kuti akawerenga kamodzi andiuze ndi pakamwa funso langa ndi chifukwa chake lili lofunika. Pamene akudodoma, ndi pamene pafunika kulembanso. Akatswiri enieni a gawo lako amabwera pa gawo lachiwiri, ndipo iwo amaunika njira, zipangizo ndi bajeti.

Za mbiri ya ntchito ndinene mwachidule, chifukwa pano pali chinthu chimene chinandisangalatsa. ERC inaletsa kutchula manambala oyesera kutchuka kwa magazini, ndipo kuyambira 2024 umasankha ntchito zako zosapitirira khumi n'kufotokoza wekha chimene chilichonse chinabweretsa ndi gawo limene iwe unachita. Pali malo ofotokozera ngati njira yako inali yokhotakhota. Kwa munthu amene anatha zaka akuphunzitsa makalasi odzaza kapena akuyendetsa ntchito ya kumudzi asanapeze mwayi wa PhD, malo amenewo ndi ofunika. Amayi amawonjezeredwa miyezi 18 pa mwana aliyense powerengera zaka zoyenera kupempha. Kwa nthawi yaitali Starting Grant yakhala ya amene atha zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri chilandirireni PhD, koma malamulo otere amasintha, choncho werengani chikalata cha chaka chimene mukupemphacho, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene anapempha kale.

Amene adutsa gawo loyamba amaitanidwa kukaonekera pamaso pa gulu la oweruza, kufotokoza ntchito yawo m'mphindi zochepa n'kuyankha mafunso. Pokonzekera, anzanga a kuntchito amakhala ngati oweruzawo n'kumandipanikiza. Funso limene limandivuta kwambiri ndi lalifupi: bwanji iwe, bwanji tsopano? Ife tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ukayamikiridwa umaloza kwa aphunzitsi ako ndi anzako. Khalidwe limeneli ndimalikonda ndipo sindikufuna kulitaya. Koma oweruzawo akufuna kudziwa ngati ungatsogolere gulu wekha, osatsamira pa pulofesa amene anakuphunzitsa. Ndaphunzira kunena mosabisa kuti chiganizo ichi ndi changa, njira iyi ndinaipanga ndine, kenako n'kutchula amene anandithandiza ndi chimene anathandiza. Kunena zoona za ntchito yako si mwano.

Palinso chilango chimene ambiri sachidziwa. Pempho likapatsidwa giredi C, yomwe ndi yotsikitsitsa, pa gawo loyamba, mwini wake amaletsedwa kupemphanso kwa zaka ziwiri, likapatsidwa B, chaka chimodzi. Ndiye kuponya pempho losapsa pongoyesa mwayi kukhoza kukudyera zaka zimene unali woyenera.

Sindibisa kuti pali chimene chimandiwawa pa zonsezi. Miyezi imene munthu amathera pa pempho limodzi ndi yambiri, ndipo mwa anthu asanu ndi awiri, asanu ndi mmodzi amabwerera chimanjamanja, ambiri a iwo ali ndi maganizo abwino ndithu. Amene ali m'mayunivesite olemera amakhala ndi ofesi yowathandiza, owawerengera, ngakhale owaphunzitsa kuyankhula. Ndipo kwa ife a ku Africa, lamulo loti ukhale ku Ulaya likutanthauza kuti ndalama zofunsira mafunso akuya zimapezeka ukachoka kwanu, pamene ndalama zimene zimafika kwathu nthawi zambiri zimabwera mutu utasankhidwa kale. Wasayansi wa ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lusaka amaona udzudzu, mbewu ndi odwala tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene angazindikire msanga pamene mabuku akunama. Amafunika ndalama zomulola kutsata chimene waonacho.

Njira zilipo, ngakhale n'zochepa. Pulogalamu ya ARISE, imene imayendetsedwa ndi African Academy of Sciences ndi ndalama za ku Ulaya, inatengera chitsanzo cha ERC ndipo inapereka mpaka mayuro 500,000 pa zaka zisanu kwa asayansi achinyamata ogwira ntchito mu Africa momwemo. Panalinso pulogalamu ya FLAIR, ya bungwe la asayansi la ku Britain la Royal Society ndi African Academy of Sciences, koma inadukizidwa mu 2021 boma la Britain litachepetsa ndalama zothandizira mayiko akunja, ndipo anthu amene anali atayamba kale ntchito anavutika. Ku ERC komweko kuli Synergy Grant, imene imafika mayuro 10 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi kwa atsogoleri awiri mpaka anayi, ndipo mmodzi wa iwo amaloledwa kukhala kunja kwa Ulaya. Ameneyo akhoza kukhala ali ku Malawi, ndi labotale yake, ndi ophunzira ake.

M'pempho langa, gawo lalikulu la ntchito ya kumunda lidzachitikira kwathu, ndipo ndaphunzira kuti zimenezi zimayenera kuoneka mu bajeti, osati m'mawu othokoza okha. Anzanga a ku Malawi ndawalemba monga mamembala a gulu, ndi malipiro awo, ndi wophunzira wa PhD amene adzalembetse kumeneko, ndi zipangizo zimene zidzatsale kwawo ntchito ikatha. Ndaika miyezi yokwanira yopezera chilolezo ku komiti younika kafukufuku wa zaumoyo, komanso mgwirizano wotumizira udzudzu kunja, chifukwa zamoyo za dziko sizingonyamulidwa m'chikwama, pali Pangano la Nagoya limene limateteza zimenezo. Kalata ya yunivesite yondilandira iyenera kusainidwa nthawi ikadalipo, ndipo zonse zimakwezedwa pa intaneti isanakwane 5 koloko madzulo, nthawi ya ku Brussels, pa tsiku lotsekera. Sabata ino ndili pa ndime yachiwiri ya masamba asanu aja, imene ikuyenera kunena chifukwa chimene palibe anayesapo zimenezi kale.