Mmene magiredi a m'mawodi anandiyendera pofunsira residency ku America

Ku America munthu akamaliza sukulu ya udokotala saloledwa kuyamba kuona odwala payekha, koma amayenera kupeza kaye malo a maphunziro a ukatswiri otchedwa residency, omwe amatenga zaka 3 kwa wofuna kukhala dokotala wa matenda a akuluakulu kapena a ana, zaka 5 kwa wa opaleshoni, mpaka zaka 7 kwa wa opaleshoni ya ubongo. Ophunzira amene akubwera m'mbuyo mwanga amandifunsa kawirikawiri ngati magiredi a m'mawodi ndiwo amapezetsa malowo, ndipo yankho langa ndi lakuti amawerengedwa ndithu, koma wowerengayo sayang'ana giredi payokha.

Magirediwa amachokera m'chaka chachitatu, pamene wophunzira amazungulira madipatimenti a chipatala kwa milungu ingapo paliponse: matenda a akuluakulu, opaleshoni, ana, amayi oyembekezera, matenda a maganizo, a minyewa, ndiponso chipatala choona banja lonse. Pasukulu yathu, monga m'sukulu zambiri, giredi, kuyambira yapamwamba kwambiri, inali Honors, High Pass, Pass kapena Fail, ndipo inkapangidwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali mayeso olemba a NBME, bungwe lokonza mayeso a udokotala ku America, omwe aliyense amawatchula kuti shelf, olembedwa tsiku lomaliza la dipatimentiyo. Chachiwiri chinali mafomu amene madokotala akuluakulu ndi maresidenti (madokotala amene ali pa residency) ankalemba za mmene akuonera ntchito yako. Ku opaleshoni ndinkafika m'bandakucha, n'kuzungulira odwala anga ndisanakumane ndi gulu, kuona mabala, kuyeza madzi otuluka m'mapaipi ndi mkodzo wa usiku wonse, n'kulemba zonse pakapepala kopinda m'thumba la khoti yoyera. Kenako pakhomo la chipinda cha wodwala ndinkayenera kufotokoza nkhani yake yonse m'mphindi zochepa, ndipo mphindi zimenezo ndizo zokha zimene madokotala ena ankandionera asanalembe fomu yanga. Apa ndi pamene pali vuto la magiredi amenewa, chifukwa wophunzira wachete amene amagwira ntchito modzipereka akhoza kupitiriridwa ndi mnzake wodziwa kulankhula. Ine ndinapeza Honors ku matenda a akuluakulu ndi a maganizo, High Pass ku ana, koma ku opaleshoni ndinangopeza Pass.

Ndinayamba kumvetsa mmene Pass imeneyo idzawerengedwere pamene ndinaitanidwa kukaona kalata yanga ya MSPE, yofotokoza mmene wophunzira wachitira pasukulu, yomwe kale inkatchedwa kalata ya dini (dean, mkulu wa sukulu). Kalatayi imalembedwa ndi sukulu ndipo imapita ku mapulogalamu onse a residency amene wafunsirako. Pansi pa giredi iliyonse pamakhala mawu enieni amene madokotala analemba za iwe, ndipo sukulu zambiri zimaikanso chithunzi choonetsa mmene kalasi yonse inakhozera pa dipatimentiyo. Chithunzicho n'chofunika kwambiri, pakuti sukulu zina zimapereka Honors kwa ophunzira ochuluka pamene zina zimaumira nayo, moti kuyerekeza Honors za sukulu ziwiri osaona chithunzicho kuli ngati kuyerekeza mitengo ya chimanga m'misika iwiri yomwe ndowa zake n'zosiyana kukula. Sukulu zina zinasiyiratu kupereka Honors m'chaka chachitatu, monga University of California ku San Francisco yomwe inatero mu 2019, itaona kuti kagawidwe kake sikanali kofanana pakati pa ophunzira a mitundu yosiyana.

Chinthu china chimene chinasintha kulemera kwa magirediwa ndi mayeso a dziko lonse a USMLE, omwe dokotala amalemba m'magawo otchedwa Step kuti apeze chilolezo chogwira ntchito. Kuyambira pa 26 January 2022, zotsatira za Step 1 zimangonena kuti wakhoza kapena walephera, popanda malikisi. Akuluakulu a mapulogalamu, omwe amalandira mafomu ochuluka kuposa amene angawerenge mofatsa, anataya nambala imene ankasefera anthu, choncho maso awo anatembenukira ku Step 2 CK, yomwe ikadali ndi malikisi, ndiponso ku magiredi a m'mawodi. Ubwino wake ndi wakuti mayeso a shelf ndi Step 2 CK amafunsa zinthu zofanana, kotero ndinalemba Step 2 nditangomaliza chaka chachitatu, zonse zikadali m'mutu.

Kuchiyambi kwa chaka chachinayi ndinachita mwezi wa sub-internship ku matenda a akuluakulu, womwe ndi mwezi umene wophunzira amagwira ntchito ngati dokotala wa chaka choyamba cha residency, kulandira odwala ake, kulemba malangizo a mankhwala oti wamkulu asainire, ndi kuimbira achibale a wodwala. Ndikukhulupirira kuti mwezi umenewu unandithandiza kuposa giredi ina iliyonse, chifukwa dokotala amene anandiyang'anira tsiku ndi tsiku ndiye anandilembera kalata yondichitira umboni. Pa ERAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu, pulogalamu iliyonse imalandira makalata otere osapitirira 4, ndipo mapulogalamu amayamba kutsegula mafomuwo kumapeto kwa September.

Pa maintavyu, omwe amachitika kuyambira October mpaka January, palibe amene anandifunsa za Pass ya ku opaleshoni. Dokotala wina anawerenga mokweza ndemanga imene residenti analemba yonena za mmene ndinafotokozera matenda kwa banja la wodwala, n'kundipempha kuti ndisimbe nkhaniyo. Komabe sindikufuna kuti wina aganize kuti zimakhala choncho kwa onse. Ndikanakhala kuti ndikufunsira opaleshoni, Pass yomweyo ikanakhala chinthu choyamba kuonedwa, pakuti giredi ya dipatimenti imene ukufuna kulowa ndiyo imalemera kuposa zinzake. M'magawo amene malo ake ndi ochepa, monga matenda a khungu, opaleshoni ya mafupa ndi ya ubongo, kuchuluka kwa Honors ndi kusankhidwa m'gulu la ophunzira okhoza kwambiri lotchedwa Alpha Omega Alpha zimathandiza kuti munthu aitanidwe. Fail nayo siibisika, ndipo amene ali nayo ayenera kukonzekera kuifotokoza mwachidule, kuonetsa kuti anabwereza n'kukhoza bwino.

Maintavyu atatha, ndinandandalika mapulogalamu monga mmene ndinkawafunira, nawonso anandandalika ife, ndipo kompyuta ya bungwe logawa malowa la NRMP inalumikiza mindandanda iwiriyo, zomwe zimatchedwa Match. Lolemba la sabata ya Match, m'mwezi wa March, munthu amangouzidwa ngati wapeza malo, ndipo dzina la chipatala amalidziwa Lachisanu. Osapeza malo amalimbirana otsala kudzera m'ndondomeko yotchedwa SOAP sabata yomweyo.

Kwa madokotala amene anaphunzira kunja kwa America, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, njira imadzera ku bungwe la ECFMG, lomwe limatsimikiza maphunziro awo, ndipo malikisi awo a m'mawodi amatumizidwa ndithu, koma owerenga ambiri sadziwa kuti kukhoza bwino kumeneko kumayambira pati. Kwa iwowa malikisi a Step 2 CK ndi makalata ochokera kwa madokotala amene anawaona akugwira ntchito m'chipatala cha ku America ndiwo amalemera kwambiri, choncho ndi bwino kukonzekera zimenezo chaka chathunthu mafomu asanatsegulidwe.