Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Nyumba ya ku Harehills ndi ngongole ya m'mita

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali. Ndemanga zonse ndawerenga, ngakhale zija zondikalipira kuti ndinachedwa kuchoka pabanja. Amayi ena a ku Johannesburg andifunsa ku inbox kuti, "Nanga mutachoka pakhomo paja, munakwanitsa bwanji ndi mwana pa malipiro a ku care home okha?" (Care home ndi nyumba yosamalira okalamba, kumene ndimagwira ntchito.) Lero ndiyankha funso limenelo. Ndikudziwa kuti ambiri mukudikira nkhani ya kukhoti. Ibwera. Koma sindingalumphe nkhani ya gasi ndi magetsi, chifukwa mpamene ndinayambira kuima pandekha.

Tinalekezera ndikutuluka m'nyumba ya bambo a mwana wanga ndi masutukesi awiri, mu January 2018. Nyumba imene ndinapeza inali ku Harehills, kuno ku Leeds ku UK, mwa zija zakalekale za njerwa zofiira zogundana misana, zopanda khomo lakuseri. Mamita onse awiri anali m'kachipinda kapansi pa nyumba, kotsikira masitepe onyowa, konunkha chinyontho. Wa magetsi unali wa kiyi, wa gasi unali wa khadi. Mnyamata wa ku ofesi yobwereketsa nyumba anandipatsa kiyi ndi khadi zimene anasiya munthu wakale, nati, "Muzingopita pa shopu iliyonse ya chikwangwani cha PayPoint, muziikamo ndalama." Sizinandidabwitse. Ku Chilobwe tinkagulanso mayunitsi a ESCOM, akatha n'kukagula ena.

Chimene sanandiuze n'chakuti khadi lija linali ndi ngongole ya mwini wake. Ndikaika £10, mita inkayamba yadula gawo lake, ine n'kutsala ndi zotsala. Ndinkangoti ndi mmene gasi amadulira kuno. Pa nthawi yonse imene ndinali pabanja sindinaonepo bilu ngakhale imodzi. Makalata onse ankatsegula ndi bambo aja, ine kwanga kunali kupereka malipiro mwezi ukatha, monga ndinafotokozera m'gawo 9.

Kumapeto kwa February kunabwera chisanu chija anthu kuno anachitcha Beast from the East. Sukulu zinatsekedwa, mabasi ena anaima, chipale chofewa chinakwirira misewu yonse. Usiku wina ndinadzidzimuka ndi chifuwa cha mwana wanga. Amene mwakhala nane kuyambira pachiyambi mukudziwa za mphumu yake, mukudziwanso usiku uja tinagona pabenchi kuchipatala ku Blantyre ali wa miyezi isanu ndi itatu. Ndinagwira chitsulo cha hita pakhoma, chinali zii. Ndinatsika kumamita ndi tochi ya pafoni, osavala ndi nsapato zomwe. Mita inali itatseka gasi. Ndalama zapangozi zija mita imakubwereka ukasowa ndinali nditadya kale dzulo lake.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikudinadina batani, kutulutsa khadi, kulipukuta pa chitenje, kulibwezeranso. Pamwamba mwana akutsokomola chifuwa chija chokoka, cholira ngati kaphokoso ka mluzu. Ndinakwera, n'kumupopera inhela, n'kumuveka jekete la kusukulu pamwamba pa zovala zogonera, chipewa, masokosi awiriawiri. Magetsi anali adakalipo pang'ono, ndiye ndinawiritsa madzi m'ketulo, kuthira m'botolo, kulikulunga m'chitenje n'kumuikira kumapazi. Kenako ndinamufukata pachifuwa panga titafunda mabulangete onse a m'nyumbamo pamodzi ndi katani imene ndinachita kumasula pawindo. Mpweya wotuluka m'kamwa mwathu unkaoneka, m'chipinda chogona.

Anandifunsa kuti, "Amayi, tibwerera kwa adadi? Kuja kumatentha."

Abale anga, mawu amenewo sindinawauzepo munthu mpaka lero. Ndinamuyankha kuti agone, kukacha ndikonza. Iye atagona ndinalira mosatulutsa mawu kuopa kumudzutsa, foni ili m'manja, nambala ya bambo ake ili poyera. Chala changa chinafika pamenepo. Ndinakumbukira mawu amene anandiuza ndikutuluka, akuti dziko lino si la mkazi wopanda mwamuna, ndipo chisanu chisanathe ndidzabwera chogwada. Ndinaganiza za amayi ku Ntcheu, amene ankadziwa kuti mwana wawo ali ku Ulaya, ali pabwino. Ndinaganiza kuti kwathu ukasowa makala umagogoda kwa aneba n'kupala moto, pamene kuno anthu a kuseri kwa khoma langa sindinkawadziwa ndi nkhope zomwe. Sindinaimbe. Ndinakhala maso ndikumvetsera kupuma kwake mpaka kunja kunayera.

M'mawa ndinamubereka kumbuyo, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kuyenda m'chipale mpaka pa shopu. Ndinaika £10 yomaliza. Nditalowetsa khadi, mita inabweza kaye zapangozi zija, n'kudulanso za ngongole ija, zotsalazo sizinakwane kutenthetsa nyumba mpaka mawa lake.

Amene anandipulumutsa ndi achemwali a ku Zimbabwe aja ndimagwira nawo shifiti ya usiku, obadwira ku Bulawayo koma makolo awo ndi a ku Mangochi. Pa nthawi ya tiyi ndinawaonetsa zithunzi za manambala a pa mita. Anavala magalasi, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Amake mwana, ngongole iyi si yanu. Mukulipirira munthu amene simukumudziwa." Mawa lake anakhala pambali panga ndikuimbira kampani, pepala la lendi lili m'manja losonyeza tsiku limene ndinalowa m'nyumbamo. Anatumiza khadi ndi kiyi zatsopano m'dzina langa, ndipo ndalama zimene anandidula anabweza, ngakhale zinatenga nthawi ndi mafoni ambiri.

Achemwali sanalekere pomwepo. Anandifotokozera chinthu chimene kwa munthu wokulira ku Malawi n'chovuta kuchimvetsa msanga. Kwathu wogulitsa magetsi ndi mmodzi. Kuno nthawi imeneyo makampani anali opitirira 50, kuyambira akuluakulu asanu ndi limodzi aja, British Gas, EDF, E.ON, npower, ScottishPower ndi SSE, mpaka ting'onoting'ono tongoyamba kumene. Gasi ndi yemweyo, mapaipi ndi omwewo, mawaya ndi omwewo. Chimasintha ndi dzina la pa bilu ndi mtengo basi. Ndipo ngati bilu umalipira wekha, uli ndi ufulu wosintha kampani ngakhale nyumbayo ndi ya lendi.

Ndinayamba ndapempha kuti andichotsere mamita olipiriratu aja, chifukwa mitengo yotsika kwambiri inali ya olipira kudzera ku banki mwezi ndi mwezi, pa direct debit. Mwininyumba anavomera. Chilimwe chitafika, ndinakhala pa kompyuta ya ku laibulale n'kulowa pa webusayiti yofananiza mitengo. Umalemba postcode, kampani imene uli nayo, ndi mayunitsi amene umagwiritsa ntchito pa chaka, ndiye amakundandalikira onse kuyambira wotchipa. Achemwali anandiphunzitsa kuyang'ana zinthu ziwiri, mtengo wa yuniti imodzi ndi standing charge, ndalama ija amadula tsiku ndi tsiku ngakhale usayatse kanthu. Ukasankha, uli ndi masiku 14 oti utha kusintha maganizo, ndipo zonse zinkatha pa masabata atatu. Palibe amabwera kudzakumba, magetsi sathima. Umangowerenga mita pa tsikulo n'kutumiza manambala.

Tsono cashback, kandalama kamene amakubwezera ukasintha kampani, imabwera chonchi. Kampani imalipira webusayiti imene yaibweretsera kasitomala, ndipo mawebusayiti ena amakugawirako ndalamayo. Ena ankadzera ku Cheap Energy Club ya MoneySavingExpert, ya bambo Martin Lewis aja amaoneka pa TV, ena ku TopCashback kapena Quidco. Ndalama yake sibwera msanga, umadikira miyezi. Yanga yoyamba inali £30, ndipo inalowa mvula itayandikira kwathu.

Apa ndiime kaye, ndiyankhe abambo amene analemba sabata yatha kuti munthu wokhala ku UK kumakamba za £30 n'kuchititsa manyazi. Bambo, nthawi imeneyo paundi imodzi inkatsala pang'ono kukwana K1,000. Ndalama imeneyo ndinaitumiza tsiku lomwelo ku Mpamba ya amayi, ndipo inagula thumba la feteleza la makilogalamu 50. Inali ndalama yoyamba kuchokera pamene ndinatera pa Heathrow imene ndinatumiza kwathu popanda kupempha chilolezo kwa munthu, popanda kufunsidwa kuti abale akowo adzasiya liti kupempha. Amayi anaimba madzulo ake. Sanayambe n'kuthokoza, anayamba n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, iweyo wadya? Usamadzimane chifukwa cha ine." Ndinawauza kuti ndalamayo sindinaichotse pa chakudya cha mdzukulu wawo, ndipo zinali zoona. Mpaka lero ndikakumbukira foni imeneyo mtima umakhala pansi.

Komanso ndinene poyera kuti phindu lalikulu silinali cashback. Linali pa mtengo wotsika wa chaka chonse. Ndinaona anzanga akuthamangira kampani yolonjeza ndalama zambiri zobweza, koma yuniti yake yodula, pomaliza n'kuluza. Ine ndinkayamba ndapeza wotchipa, kenako n'kuona ngati pali njira yodzera yopatsa kangachepe. Tsiku lothera kontrakiti ndinkalilemba pa kalendala ya kukhitchini, chifukwa lamulo la Ofgem, bungwe loyang'anira makampaniwa, limati m'masiku 49 omaliza utha kuchoka osalipira chindapusa. Ukangogona, amakusamutsira pa mtengo wawo wamba, womwe nthawi imeneyo unali wokwera.

Za mlamu wanga sindikanafuna kukamba, koma popeza amawerenga n'kumatumiza zithunzi za nkhanizi kwa achimwene ake, amve. Makampani ena, monga Octopus Energy, amapereka £50 kwa wolozera mnzake ndi £50 kwa wolozeredwayo. Ine ndinathandiza amayi angapo a kutchalitchi kusintha, ndipo aliyense ndinkamuuza pamaso kuti inenso ndilandirapo. Pa chikondwerero cha 6 July, pagulu, mbale ya nsima ili m'manja, inu alamu munanena kuti banja linandikanika ndiye ndasanduka wopemphetsa wa pa WhatsApp. Alamu, usiku uja wa chisanu munali m'tauni yomweyi, galimoto ili panja, ndipo munkadziwa kumene ndinasamukira ndi mwana wa achimwene anu. Simunafunse ngakhale kamodzi ngati m'nyumbamo muli moto. Amayi amene munkawaseka nawo aja, awiri a iwo ndinawapezanso ndi ngongole za eni ake m'mamita. Sindikusungirani chakukhosi, koma sindilola kuti mbiri yanga muzikamba ndinu.

Zaka za 2019 ndi 2020 ndinasintha chaka chilichonse, feteleza sanasowe ku Ntcheu. Za Covid ku care home zili ndi gawo lakelake, sindingaziphatikize pano.

Kenako 2021 zinthu zinatembenuka. Mtengo wa gasi pa msika wa dziko lonse unakwera koopsa, ndipo makampani ang'onoang'ono amene analonjeza anthu mitengo yotsika anayamba kugwa motsatizana, pafupifupi 30. Ngakhale Bulb, imene inali ndi makasitomala opitirira 1.5 miliyoni, inagwera m'manja mwa oyang'anira a boma mu November. Yanganso inagwa, ili ndi ndalama zanga zimene zinaunjikana m'chilimwe. Mantha anandigwira, koma nthawi iyi ndinkadziwa pogwira. Ofgem inkalangiza kuti jambulani mita, musasinthe kaye, dikirani tikupezereni kampani ina, ndalama zanu n'zotetezedwa. Zinaterodi, ndalama zanga zinanditsatira. Koma masewera osinthasintha anathera pomwepo. Ukalowa pa mawebusayiti aja unkapeza palibe chotchipa kuposa malire a mtengo amene Ofgem imaika.

Malirewo mu April 2022 anachoka pa £1,277 kufika pa £1,971 pa chaka kwa banja wamba, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itangoyamba. Pofika October boma la Liz Truss linachita kulowererapo kuti aime pa £2,500, ndipo nyumba iliyonse inachotseredwa £400 m'miyezi yozizira. Kwathunso kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, feteleza n'kukwera mosaneneka. Chaka chimenecho thumba la amayi linachokera m'mashifiti owonjezera. Hita ndinkayatsa m'mawa ndi madzulo okha, koma chipinda cha mwana sichinazizirepo usiku.

Masiku ano mitengo yopikisana inabwereranso pang'ono, ndipo kusintha kumangotenga masiku asanu ogwira ntchito, koma kusiyana kwake sikufika pa zaka zija. Ndimayang'anabe kontrakiti ikamatha. Kwa achemwali amene mwalemba kuti mwangofika kumene ku Bradford pa visa ya ntchito yosamalira okalamba, tsiku lolowa m'nyumba jambulani mamita onse, imbirani kampani kuti akaunti ikhale m'dzina lanu, ndipo musagwiritse ntchito kiyi kapena khadi la munthu wakale. Zikavuta pitani ku Citizens Advice, thandizo lawo ndi laulere. Mukafuna ndilembereni ku inbox, tidzaimbira limodzi.

Gawo likubwerali tibwerera ku 2018, mwezi umene kalata ya maloya a bambo aja inafika yofuna kundilanda mwana. Ndiyesetsa kulitulutsa Lamlungu ndikaweruka.