Kusambitsa Tayiga ndi kapampu ka batire, ndi Lolemba langa lomwe linathera ku Kamwala

Galu wanga Tayiga ndamusambitsa, pano ali gone pakhonde wauma bwinobwino ngati si iye anayambitsa zonsezi, koma ine mtima sunakhale pansi chifukwa cha zomwe anandichita anyamata a shopu ina ku Kamwala, dera la mashopu kuno ku Lusaka. Ndilembe ndikadali wokwiya, ndikazizira ndiyamba kuwakhululukira.

Ife tikhala ku Mtendere, nyumba ya lendi, mpopi umodzi mabanja atatu, madzi amabwera mbandakucha ndipo ikamakwana 09:00 mpopi wayamba kale kutsokomola. Lachisanu mvula itagwa ija Dalitso anasiya geti yotsegula, Tayiga ulendo. Anabwera madzulo ndi maso okha ooneka. Si matope ofiira a mumsewu aja ayi, koma akuda a mungalande, onunkha moti ntchentche zinamuperekeza mpaka pakhomo. Amake Dalitso chiyambire kolera ija ya kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala, safuna kumva za madzi a mungalande, ndipo ali ndi chifukwa, mvula ikagwa m'komboni zimbudzi zina zimasefukira mmenemo. Ati bambo a Dalitso, kanyimbi wanuyu pakhonde panga saponda, ana amadyera pamenepa.

Kale ndinkamusambitsa ndi ndowa ndi kapu. Ubweya wake ndi wambiri, madzi a kapu amangotsetsereka pamwamba osafika pakhungu, ndowa zinayi kutha galu akadali wakuda kumimba, kwinaku alandiledi aima pakhomo manja m'chiuno kuwerenga ndowa. Ndiye ndinaganiza zogula tija timagwiritsa anyamata otsuka magalimoto m'mbali mwa msewu, kooneka ngati mfuti, ka batire longa la dirilo, payipi yake mumangoponya mundowa nkumakoka kokha madzi. Ka batire ndi kamene ndinafuna chifukwa kuyambira 2024 pomwe madzi anachepa ku damu la Kariba magetsi nkumangozimazima, tonse tinaphunzira kuti chinthu chodalira soketi chimagwira ntchito pa nthawi yake osati yanu.

Loweruka mmawa ndili ku Kamwala. Mnyamata anatulutsa m'katoni, kulowetsa batire, kudina, kanalira vuuu mumphepo. Ati mwamva abwana, kali ndi mphamvu aka. Ine kupusa kwanga ndinagwedeza mutu nkupereka K750, kapena 750 pin kwa ife amene mitu inatsalira ku ndalama zija asanachotse maziro atatu mu 2013. Kufika kunyumba, payipi mundowa, kudina, kulira kokhakokha, ngakhale dontho. Ndinakweza ndowa pampando, kutsitsa, kuyamwa payipi ndi pakamwa ngati wakuba petulo, palibe. Foni yomwe inali pa lisiti siinkayankhidwa, Lamlungu shopu yotseka.

Apa ndiye mundimvere. Musapereke ndalama kapampu kasanalavule madzi inu mukuona. Kulira kwa mota si umboni wa chilichonse. Akati tilibe madzi muno, tulukani mukagule botolo lalikulu pa kantemba mubwere nalo.

Lolemba ndinapempha tsiku kuntchito, tsiku lodulidwa pa malipiro, kukwera minibasi mpaka m'tauni, kuyenda wapansi kudumpha zithaphwi mpaka ku Kamwala, 08:30 ndafika. Mnyamata uja kundiona anayamba kupukuta mashelefu ngati sanandionepo chibadwire. Ati eni ake kulibe, apita kubanki, dikirani. Ndinadikira pa benchi panja, dzuwa kutuluka, mvula kuwaza, dzuwa kutulukanso. Eni ake anafika 14:00 itadutsa akutokosa m'mano, banki yake yodyera nsima kaya ndi iti. Sanakhudze nkomwe katoni, anangoloza pansi pa lisiti pomwe panadindidwa kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndinati akulu, ine sindikufuna ndalama, ndikufuna chinthu chogwira ntchito, galu wanga wamangidwa masiku atatu ndi matope. Anaseka. Ati kodi zonsezi ndi za galu? Mnyamatanso kuseka, mayi wina wogula maloko kusekanso. Kenako ati pali amisiri athu kuseli angakuonereni koma ndi K100.

Mukudziwa chomwe chinavuta? Kalabala. Kalabala kozungulira konga mphete ka polumikizira payipi, kamene kamatseka kuti mpweya usalowe. Kanalibemo, ndiye pampu inkangokoka mphepo. Mmisiriyo anakatola pansi pa katoni ina ya pashelefu yomweyo, ine ndikuona ndi maso angawa, kutanthauza kuti wina adzagula katoni imeneyo nayenso adzataya Lolemba lake. Mphindi ziwiri, K100. Ndinalipira chifukwa njala inali itandipweteka ndipo ndikanapitiriza kulankhula ndikanagona ku polisi. Koma ulendo uno ndinati bweretsani ndowa, ndipo ndinaima pomwepo mpaka madzi anathira khoma lawo. Yesani ndi madzi, ndanena kale koma ndibwerezanso.

Chabwino chimodzi chomwe chinatuluka m'kuchedwaku nchakuti matope anauma gwa, ndipo ouma amachoka msanga kuposa aawisi. Lachiwiri ndisanamuthire dontho ndinamupesa ndi bulashi yolimba, zibuma kumagwa zokha, theka la ntchito linathera pamenepo. Ndinavala magolovesi ndi kumanga kansalu kumphuno, fumbi la ngalande si lopumira.

Kumutu kwa kapampu kuli kozungulitsa kosinthira katulukidwe ka madzi. Kuli pena pomwe amatuluka ngati singano, pamenepo mpochotsera matope m'matayala, pa galu ayi, angamucheke khungu ndipo akalowa m'diso kapena m'khutu mwamupweteka. Ikani pomwe amamwazika ngati shawa, muyambe mwadzithira nokha kuseli kwa dzanja, ngati inu mukumva kubaya ndiye kwa iye nkoposa. Chimakina chachikulu cha kukawashi chija musayerekeze nkomwe. Phokoso nalonso, Tayiga atangomva vuuu anafuna kudula chingwe, ndiye ndinayamba kuthirira maluwa chapatali iye akuonerera, Dalitso akumupatsa timitu ta kapenta, mpaka anasiya kunjenjemera.

Ndaiwala za madzi. Ndinatunga mbandakucha ndowa ziwiri za malita 20 nkuziika padzuwa mpaka masana kuti afunde, a mudilamu ndi ozizira kwambiri galu amalimbana nanu. Akhale oyera, kasefa ka kumapeto kwa payipi kakatsekeka ndi zinyalala mphamvu imatha. Ndipo musamangodina osalekeza, ndowa imaphwa mukuona, thirani pang'ono, siyani, tikitani ndi manja.

Mumangeni chingwe chachifupi pamalo a simenti. Ine poyamba ndinamumanga pa mtengo wa mango pa dothi, mphindi zitatu tonse awiri tinali m'phala, ndinachita kusamukira pa silabu yochapira. Ndinayambira kumiyendo kukwera kumimba, msana, khosi, mutu pomalizira ndipo kumutuko ndi kansalu konyowa basi, thonje m'makutu. Sopo waufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale musamupake, khungu la galu silili ngati lathu, amayamba kukanda mpaka zilonda. Shampu ya agalu imapezeka m'mashopu a mankhwala a ziweto, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Kutsukuluza ndiye pomwe kapampu kanabweza ndalama zanga pang'ono, madzi amalowa mpaka pansi pa ubweya, thovu lonse kutuluka, makamaka m'khwapa ndi pansi pa mchira pomwe kapu imalephera. Ndowa ziwiri zinakwana ndi kutsalako.

Aneba athu, amene ali ndi kamunda ku Chongwe, atandiona ndikuvutika Loweruka lija anandibweretsera sipuleya yawo yobereka kumsana ya malita 16, ati ingogwiritsani iyi amwene. Ndinathokoza koma ndinakana. Ija amapoperamo mankhwala a mbozi za m'chimanga, ngakhale mutsuke kangati fungo limakhalamo, galu nkunyambita ubweya mwamupha nokha. Yatsopano yosathiramo kanthu ingagwire, ndipo kunena zoona ndikanagula imeneyo bwenzi Lolemba langa lilipo, ilibe batire ilibe mota.

Matope atachoka ndi pomwe ndinaona nkhupakupa, zisanu ndi ziwiri, m'makutu ndi pakati pa zala, zina zotupa ngati nzama. Nyengo ya mvula ndi yawo. Gwirani pafupi ndi khungu ndi kopanira, kokani molunjika pang'onopang'ono, musazipsinye mimba. Ndikumuyang'anira masiku ano chifukwa zimapatsa matenda aja galu amasiya kudya, nkhama kuyera, mkodzo kuda, zikatero ndi kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo osadikira.

China chomwe anthu amaiwala ndi mphutsi zija zolowa pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la pamthunzi ndi pa nsalu zonyowa, ndiye galu wosamba kumene akakagona pamchenga kuseli kwa nyumba, pakatha sabata mumaona zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Mupukuteni, mumuyendetse padzuwa ali pachingwe mpaka aume, mukangomumasula akadali wonyowa amathamangira kukagubuduka pomwe pali dothi. Thawulo lake ndinachapa nkulisita magetsi atabwera usiku, nthawi yomweyo ndikutchaja batire. Madzi akuda aja ndinawakankhira m'dzenje, osati ku bedi la repu la amake Dalitso, ndikanasamuka ine ndi galu yemwe.

Thonje m'makutu mukumbukire kuchotsa, ine ndinakumbukira usiku nditaitana Tayiga katatu osatembenuka.

Mmawa uno alandiledi, omwe aja owerenga ndowa, agogoda. Ati bambo a Dalitso, ndaona kamakina kanu kaja sikamwa madzi ambiri, mundibwerekeko nditsukire kapeti. Ndawauza kuti mayi tengani, koma kalabala kake ndachotsa ndasunga m'chikwama, kameneko ndi K100.