Mmene Ndinakhozera Mayeso Oyendetsa Galimoto pa Ulendo Wachiwiri

Ulendo woyamba ndinalephera mayeso oyendetsa galimoto, ndipo chimene chinandigwetsa sichinali kilatchi imene ndinkaiopa usana ndi usiku, koma khosi langa limene sindinalitembenuze pa nthawi yake. Ndayamba ndi kulephera kumeneku chifukwa ndi kumene kunandionetsa chimene woyesa mayeso amafuna kwenikweni kwa munthu amene wakhala pachiwongolero, chomwe kwa miyezi itatu ya maphunziro ndinkangochimva ndi khutu limodzi.

Munthu asanaloledwe kukhudza chiwongolero pamsewu wa anthu onse, amayenera kukhala ndi chiphaso cha ophunzira, ndipo gawo limeneli silinandivute kwenikweni. Ndinapita ku ofesi yoona za pamsewu ndi chiphaso changa chaunzika, ndinalemba fomu, anandiyeza maso, kenaka ndinalemba mayeso a malamulo ndi zikwangwani za pamsewu. Zinthu ziwiri zokha ndi zimene ndingachenjeze nazo munthu pamenepa. Choyamba, dzina lilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana munthu amabwezedwa pawindo atafola mmawa wonse. Chachiwiri, chiphaso cha ophunzira chili ndi tsiku lothera, ndipo nthawi yake imawerengedwa kuyambira tsiku limene achipereka, osati tsiku limene munthu wayamba kuphunzira. Amene amavala magalasi a maso awavale poyezedwa, ndipo adzawavalenso tsiku la mayeso a pamsewu.

Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto anandifunsa ngati ndikufuna kuphunzira ya magiya osintha ndi dzanja kapena yosintha yokha. Mtima unkafuna yosintha yokha chifukwa ilibe kilatchi, koma aphunzitsi anga anandifotokozera kuti m'mayiko ambiri munthu amene wayesedwa pa galimoto yosintha yokha magiya amapatsidwa chiphaso chomulola kuyendetsa galimoto za mtundu womwewo basi, pamene woyesedwa pa ya kilatchi amaloledwa kuyendetsa zonse ziwiri. Ndinasankha ya kilatchi, ndipo masabata awiri oyambirira ndinanong'oneza bondo tsiku lililonse.

Vuto la kilatchi ndi lakuti palibe amene angakuuzeni ndi pakamwa malo enieni pamene imagwirira, phazi liyenera kuwapeza lokha. Munthu akaiponda mpaka pansi, injini imalekana ndi matayala, ndipo akamakweza phazi pang'onopang'ono pamafika penapake pamene ziwirizi zimayamba kugwirana. Pamenepo kulira kwa injini kumatsika pang'ono, galimoto imanjenjemera, ndipo kutsogolo kwake kumaoneka ngati kukufuna kudzuka. Akafulumira kuchotsa phazi galimoto imadumpha n'kuzima, ndipo akachedwa kwinaku akuponda moto kwambiri injini imangobangula galimoto ili pomwepo, fungo lopserera likulowa m'kati. Aphunzitsi anga ankandiimika pa chitunda china chakuseri kwa sukulu, n'kukoka buleki ya m'manja, kenaka n'kuika kamwala kumbuyo kwa tayala, kamtunda kokwana chikhatho chimodzi kuchokera pa tayalalo. Ankati, "Mayi, nyamukani, koma kamwala kanga musakaponde." Ndinakaponda kosawerengeka, mpaka tsiku lina phazi lamanzere linayamba kuima lokha pamalo pake, ndipo kuyambira pamenepo ndinkatha kutsitsa buleki ya m'manja galimoto osabwerera ngakhale pang'ono.

Kubwerera m'mbuyo polowa pakati pa zipilala kunandivuta mwa njira ina. Manja anga ankakana kukhulupirira kuti chiwongolero chimapotozedwa kumbali komwe munthu akufuna kuti kumbuyo kwa galimoto kulowere, ndipo ndikasokonezeka ndinkawonjezera liwiro m'malo molichepetsa. Chimene chinandithandiza ndi lamulo la aphunzitsi lakuti mapazi azichedwa koma manja azifulumira, kutanthauza kuti galimoto iziyenda ngati kamba pogwiritsa ntchito kilatchi, pamene chiwongolero chikupotozedwa mwachangu. Kutembenuza galimoto pa msewu wopapatiza popita kutsogolo, kumbuyo ndi kutsogolonso kumatsata lamulo lomweli, ndipo sindinachedwe kukuzolowera.

Chimene sindinkachilabadira ndi mawu amene aphunzitsi ankabwerezabwereza mpaka kutopetsa: galasi, indiketa, khosi, kenaka nyamukani. Ndinkayang'ana pagalasi ndithu, ndipo indiketa ndinkayatsa, koma za khosizo ndinkaziona ngati mwambo chabe wosangalatsa woyesa mayeso. Maganizo anga onse anali pa mapazi.

Aphunzitsi atakhutira kuti ndakonzeka, ndinakalembetsa tsiku la mayeso a pamsewu, ndinalipira, ndipo risiti ndinaisunga pamodzi ndi chiphaso cha ophunzira ndi chaunzika mu envelopu imodzi. Ndinasankha kuyesedwa pa galimoto ya kusukulu imene ndinaphunzirira, chifukwa kilatchi ya galimoto iliyonse imagwira pamalo pake, ndipo tsiku la mayeso si loyambira kuzolowera ina. Galimotoyo iyenera kukhala ndi mapepala ake onse osatha ntchito, inshuwalansi, magetsi ndi maindiketa oyaka, hutala yolira, malamba omanga bwino ndiponso matayala osaperepeseka. M'mayiko ambiri lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6 kapena kuposerapo, ndipo woyesa ali ndi mphamvu yokana kukwera galimoto imene waiona kuti si yoyenera kuyenda pamsewu, zomwe zimathetsa mayeso asanayambe.

Tsikulo ndinafika kudakali ola lathunthu. Woyesa anali bambo wachikulire wosalankhula zambiri, amene anaona mapepala anga, n'kundiuza kuti ndimuonetse mmene ndingaonere ngati oyilo ndi wokwanira ndiponso kuti ndiyatse mawaipa. Ndinakonza mpando ndi magalasi, ndinamanga lamba, ndinaonetsetsa kuti giya ili pa nyutulo, ndipo ndinaliza injini manja ali thukuta lokhalokha. Pakati pa zipilala ndinalowa osakhudza ngakhale chimodzi. Pachitunda ndinanyamuka bwino kuposa tsiku lina lililonse, moti mumtima ndinayamba kale kuganiza za anthu amene ndiwaimbire foni.

Titayenda kanthawi mumsewu, bambowo anati, "Mayi, muime pambali pamene mwaona kuti ndi pabwino." Ndinaima bwinobwino. Patapita kamphindi anati tipitirire. Ndinalowetsa giya yoyamba, ndinayang'ana pagalasi lam'kati ndi lam'mbali, ndinaona msewu uli mbee, ndinayatsa indiketa n'kuyamba kulowa. Pomwepo woyesa anakuwa kuti, "Imani!" ndipo mnyamata wa njinga anadutsa pafupi penipeni ndi chitseko changa, akukhotera m'kati mwa msewu pondipewa, moti ndinaona mpaka lamba wa chikwama chimene anabereka. Sanandigunde ndipo sindinamugunde, koma mayeso anathera pamenepo. Kulikonse kumene woyesa wakakamizika kulowererapo, kaya ndi mawu, kaya pogwira chiwongolero kapena buleki, kuti ngozi ipeweke, munthu amakhala walephera ngakhale zina zonse atachita bwino.

Pobwerera bambowo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Kodi mwana ujayu munamuona pagalasi?" Nditayankha kuti ayi, anati, "Simukanamuona, anali pamalo amene galasi silifika."

Mawa lake aphunzitsi anga anandichititsa chinthu chimene ndikanakonda akanandichititsa tsiku loyamba. Anandikhazika pachiwongolero galimoto itaima, iwo n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, cha m'mbali, akundiuza kuti ndiziwatsatira pagalasi lokha osatembenuka. Ndinawaona akuyandikira, kenaka anasowa. Pagalasi lam'kati munalibe munthu, pa lam'mbali munalibe munthu, ndipo pakona ya diso langa panalibenso kanthu, chikhalirecho munthu wamkulu, wovala malaya oyera, anali ataima pafupi ndi chitseko chakumbuyo. Nditatembenuza khosi ndinawapeza akundiyang'ana, atapinda manja. Malo obisikawa alipo mbali zonse ziwiri za galimoto iliyonse, ndipo ndi okwanira kubisa njinga yakapalasa, njinga yamoto, ngakhale galimoto yaing'ono imene ikukupitirira.

Kukonzekera kwanga kwachiwiri kunatenga masabata anayi, ndipo kunali kwa maso kuposa mapazi. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiziyendetsa ndikulankhula mokweza chilichonse chimene ndikuona: mwana amene waima m'mphepete mwa msewu, basi imene yaima kutsitsa anthu, galimoto imene yatulutsa mphuno pa kanjira kam'mbali. Poyamba ndinkachita manyazi ndipo ndinkatchula zinthu titazidutsa kale, koma patapita masiku ndinayamba kuzitchula zikadali patali, ndipo ndinazindikira kuti phazi likumapita lokha pa buleki ndisanaganize. Anandiwerengetsanso masamu amene sindidzaiwala. Galimoto imene ikuyenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imodziyo ndi pafupifupi nthawi imene munthu watcheru amatenga kuti aone choopsa n'kusamutsira phazi pa buleki. Kuwonjezera apo, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake amaphunzitsa kusiya mpata wa masekondi osachepera 2 pakati pa galimoto yako ndi yakutsogolo, ndi kuuwirikiza kawiri msewu ukanyowa. Mpatawu umayezedwa posankha mtengo kapena chikwangwani, n'kuyamba kuwerenga galimoto yakutsogolo ikachidutsa.

Tinabwereranso pa chikwangwani cha STOP, chimene ophunzira ambiri amachidziwa bwino pa pepala koma n'kuchinyozera pamsewu. Pa zikwangwani zonse ndi chokhacho chimene chili ndi mbali 8, mawonekedwe amene alinso mu pangano la mayiko lokhudza zikwangwani za pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968, ndipo ubwino wake ndi wakuti munthu amachizindikira ngakhale achionere kumbuyo kapena chitakutidwa ndi fumbi. Pamenepo matayala ayenera kuimiratu kuseri kwa mzere, ngakhale msewu ukhale wopanda munthu. Ine ndinali ndi chizolowezi chongochepetsa liwiro kwambiri n'kukwawa, poopa kuti ndikaimiratu galimoto izima ponyamuka, ndipo ndikukhulupirira kuti mnyamata wa njinga uja akanapanda kubwera, chizolowezi chimenechi chikanandigwetsabe patsogolo. Tinayesereranso kuima mwadzidzidzi, kumene buleki imapondedwa mwamphamvu kilatchi n'kutsatira pambuyo, manja onse awiri ali pachiwongolero. Galimoto yathu inali ndi mabuleki a ABS, amene amanjenjemera pansi pa phazi akamagwira ntchito, ndipo ulendo woyamba ndinadzidzimuka n'kuchotsa phazi, chomwe ndi cholakwa, chifukwa kunjenjemerako kumasonyeza kuti akuletsa matayala kuuma kuti chiwongolero chizimverabe.

Ndinalembetsanso, ndinalipiranso, nditaonetsetsa kuti chiphaso cha ophunzira sichitha tsikulo lisanafike. Sindinauze anthu ambiri, popeza ulendo woyamba ndinatopa ndi kuyankha mafoni.

Woyesa wa ulendo wachiwiri anali mayi, ndipo asanakwere anandiuza kuti ndizipita kutsogolo pokhapokha iwo atanena zokhota, komanso kuti ngati sindinamve ndifunse. Pa zipilala ndinalowa mopendekeka pang'ono, ndipo m'malo moumirira ndinatulukanso, n'kuyang'ana mbali zonse, n'kuwongola. Ndiyeno chimene ndinkachiopa kuyambira pachiyambi chinachitikadi: pa maroboti ena, magetsi obiriwira atayaka, galimoto inazima. Wakumbuyo analiza hutala nthawi yomweyo. Mtima unagunda kwambiri, koma ndinakoka buleki ya m'manja, ndinabwezera giya pa nyutulo, ndinaliza injini, ndinayang'ana pamagalasi ndi paphewa, ndipo ndinanyamuka magetsi asanasinthe. Mayiwo analemba kenakake papepala, ndipo ndinaganiza kuti basi zathanso. Aphunzitsi anali atandichenjeza kuti woyesa akamalemba sizitanthauza kuti munthu walephera, ndipo ambiri amagwa chifukwa chotaya mtima pa cholakwa chaching'ono n'kupanga chachikulu patsogolo pake, choncho ndinabweza maso pamsewu.

Pamalo pozungulira ndinadikira mpata popanda kuthamangira, koma sindinachedwenso mpata utapezeka, chifukwa kukayikakayika kotchinga anzako nakonso kumawerengedwa ngati cholakwa. Pa chikwangwani cha STOP ndinaima mpaka ndinamva galimoto ikukhazikika, ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo popeza mpanda wina unkatchinga, ndinasendera pang'ono n'kuyang'ananso. Anandiimitsa pambali kawiri, ndipo ulendo uliwonse ponyamuka ndinatembenuza khosi mpaka kuona windo lakumbuyo. Ulendo wachiwiriwo kunalibe kanthu. Ulendo woyamba kunali mayi wokankha wilibala amene galasi silinandionetse, ndipo ndinamudikira mpaka anadutsa.

Titabwerera pabwalo ndinaimika galimoto, ndinakoka buleki ya m'manja n'kuzimitsa injini. Mayiwo anandiwerengera zimene analemba: kuzima kwa pa maroboti kuja, ndiponso kuchedwa kuchoka pa giya yachiwiri kupita pa yachitatu pamalo awiri. Kenaka anasaina, n'kundipatsa pepalalo kuti ndikapereke pawindo limene amajambula chithunzi cha pa chiphaso. Aphunzitsi anga anali ataima pamthunzi cha pageti, ndipo nditawaonetsa pepalalo anawerenga mzere uliwonse mosafulumira, kenaka anandifunsa ngati ndinayang'ana paphewa ndisanatsegule chitseko potsika. Ndinali nditayang'ana.